Wovulala wa pa Mlatho

Mumzindawo munalibe munthu wodziwa magemu a nkhondo kuposa Teni, ndipo mukanakayika, mwini wakeyo akanakuuzani musanakhale n'komwe pansi. Dzinalo analipeza chifukwa cha kakuwidwe kake. Gemu ikamugwira mtima, ankamenya tebulo patsogolo pa kamera n'kukuwa kuti, "Teni pa teni!" Ikamunyansa ankaipatsa malikisi awiri, n'kulangiza amene anaipangawo kuti akayambe kukonza njinga.

Munthuyu sanabadwire pa mpando wandalema ayi. Anachoka pakhomo ndevu zisanamere, atanyamula malaya awiri m'jumbo. Anatsuka mbale m'sitima yapanyanja, anakonza mafoni pansi pa masitepe a siteshoni m'dziko lomwe madzi amauma gwa m'mipope, anagona m'kontena, anathamangitsidwa ndi apolisi a zinenero zitatu. Anabwerako ndi makompyuta asanu ndi pakamwa posatseka. Tsopano anali ndi shopu ya magemu pa msewu waukulu, ndipo kuseri kwake kunali chipinda chojambuliramo mavidiyo: makoma omatidwa masiponji, zenera lotsekedwa ndi thabwa lakuda, nyali ziwiri zoyera mbee, sikirini yaikulu ngati chitseko chogoneka, ndi mpando wachikopa womwe ankalumbira kuti unawoloka nyanja ziwiri.

Pakhoma analembapo malamulo awiri. Loyamba: kamera ikayamba, siima. Lachiwiri: zakutsogolo siziululidwa. Lachiwirili ndiye chinali chipembedzo chake. Munthu wouza mnzake mathero a gemu yomwe mnzakeyo sanaisewere, kwa Teni anali woipa kuposa mbava, chifukwa mbava imakusiyirako mtima wogunda. Anatulutsapo kasitomala mushopu, atamugwira kolala, pa mlandu womwewu.

Mwezi umenewo kunatuluka gemu yatsopano, ya mtundu uja womwe wosewera sadziona nkhope: amangoona manja awiri ndi mfuti patsogolo pake, ngati maso a msilikaliyo ndi ake. Teni anaisewera masiku atatu. Fumbi lake linali fumbi, chipolopolo chinkalowera khutu lamanzere n'kutulukira lamanja. Koma chomwe chinamuchititsa tsemwe chinali gawo lachinayi. Pamenepo mnzako amawomberedwa pakati pa mlatho, n'kuyamba kukuitana pa wailesi. Gemuyo imakulola kuyesa kukamutenga. Ukhoza kudzera kumanja, kumanzere kapena pansi m'ngalande, koma sungafike. Teni anayesa mpaka zala kutupa, kenako anawerenga zomwe oipanga ananena: anachita dala. Munthu wa pa mlathoyo sapulumuka. Njira yopitira patsogolo ndi imodzi yokha, kutembenuka n'kumusiya akuitana.

Vuto linali loti anzake opanga mavidiyo anali atayamikira kale gemuyo. Teni sankadya zotsalira za anzake. Ankafuna chinthu chomwe wina aliyense analibe, ndipo anali nacho: msilikali weniweni, mchimwene wake wa bere limodzi.

Achimwenewo anali msilikali wonyamula wailesi. Anatumizidwa ku nkhondo ya dziko lina, n'kubwerako zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, thupi lonse lathunthu. Zaka zisanu zoyamba anazithera kuchipinda, makatani otseka, chakudya chikubwerera momwe chapitira. M'nyumbamo wailesi sinkayatsidwa. Akazi awo, telala wa makina amodzi pabalaza, ndi amene anawatulutsa pang'onopang'ono: lero pakhomo, mawa pageti, mwezi wamawa kugolosale. Tsopano anali atatha miyezi isanu ndi iwiri akugwira ntchito pamalo ena okonzera mafiliji. Masaya anali atayamba kubwerera. Ankaseka.

Teni anafika kwa achimwenewo Loweruka m'mawa, hutala ikulira kuyambira pakona.

"Alamu! Tulutsani msilikali wanga! Lero dziko lonse limuona!"

Mayiyo sanaimitse makina. "Takulandirani, alamu. Phokoso mulisiye m'galimoto."

Teni anafotokoza zonse ataima, manja akuuluka. Ola limodzi lokha. Achimwene akhala pa mpando wachikopa, asewera, anena zomwe zili zoona ndi zomwe zili bodza, kenako apereka malikisi. Basi.

Apa makina anaima. Mayiyo analuma ulusi, n'kumuyang'ana.

"Muli chiyani m'menemo? Mundiuze zonse, kuyambira poyamba mpaka pothera."

"Aaa, alamu! Zakutsogolo siziululidwa. Ngakhale atandifunsa mfumu ya dziko liti."

"Ine si mfumu, ndine amene ndimagona nawo nyumba imodzi. Tamverani. Kulira kwa mfuti saopa. Mabomba saopa, mafilimu amaonera. Chomwe sapirira ndi mawu a munthu woitana. Muli zoterozo?"

Teni anamva funsolo bwinobwino. Anaona mlatho uja m'mutu mwake, mawu aja anawamvanso. Koma anaonanso nkhope ya achimwene itadzidzimuka patsogolo pa kamera, nkhope yoti sungaigule kulikonse, ndipo munthu wochenjezedwa sadzidzimuka.

"Ndi zidole izi, alamu," anatero akuseka. "Ana a sukulu akusewera akudya mabisiketi."

"Sindinafunse zimenezo."

"Musiye mwanayu, mayi." Achimwene anatulukira kuchipinda atavala kale ovolosi yabuluu, chikwama cha masipanala m'manja. "Ndipita. Ndimuone zomwe amadyera. Koma iwe, wani koloko ndikhale ndili kuntchito. Kuli filiji ya butchala, nyama ikudikira ine."

"Thwelofu isanakwane mudzakhala mutamaliza nkhondo yonse, achimwene!"

Mayiyo anawaperekeza mpaka pageti. Amuna awo anangowakonza kolala. Kwa Teni anati, "Ndakupatsani munthu, alamu. Mundibwezere yemweyo."

Ola loyamba linali phwando. Teni anawaveka mahedifoni, n'kuwapatsa pedi, kachipangizo ka mabatani kogwira ndi manja awiri. Anayatsa nyali, anayatsa kamera, anatambasula manja.

"Okondedwa oonera! Ine ndayenda mayiko khumi ndi anayi, ndasewera nkhondo zonse zomwe munthu anaika m'kompyuta. Koma lero ndakubweretserani amene anainunkhiza ndi mphuno yake!"

Achimwene anaphunzira mabataniwo msanga, zala za munthu wa mawaya. Koma kaseweredwe kawo kanali kachilendo. Pomwe anyamata a mushopu amathamanga akuwaza zipolopolo, iwo ankayenda chokhudza khoma, kuima pa ngodya iliyonse, kumvetsera.

"Thamangani, achimwene! Oonera agona!"

"Othamanga ndinawaona. Sindikuwaonanso." Anapukusa mutu. "Ndipo ili ndi bodza. Munthu wanyamula mfuti ziwiri, mabomba, zipolopolo, akudumpha mpanda ngati mphaka? Msana wake ndi wachitsulo? Nanga anthu awa sakodza?"

Teni anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Nkhondo yambiri ndi kudikira, mphwanga. Kudikira ndi nsabwe ndi masokosi onyowa. Apa ndikuona aliyense wameta bwino."

"Mwamva, oonera? Masokosi onyowa! Kwina kulikonse simungazimve zimenezi!"

Gawo lachiwiri linatha, lachitatu linatha. Nthawi inali itangopitirira leveni koloko. Sikirini inada, kenako kunatulukira mtsinje wamatope, mlatho wachitsulo ndi nsanja ya madzi tsidya linalo. Teni anasuntha mwakachetechete, n'kuyandikitsa kamera ku nkhope ya achimwene.

Asilikali a m'gemumo anayamba kuwoloka. Mfuti imodzi inalira kuchokera pa nsanja, wa patsogolo n'kugwa. Ena onse anabwerera chothawa. Kunangoti zii. Kenako wailesi inakhosomola, ndipo mawuwo anatuluka m'mahedifoni mpaka Teni kuwamva ali chapatali.

"Mukundimva? Ndagwa. Ndili pa mlatho. Miyendo sindikuimva. Musandisiye, anyamata."

Achimwene sanadzidzimuke monga Teni ankayembekezera. Sanalire, sanataye pedi. Msana unawongoka, nkhope inasalala ngati yosita, ndipo analankhula ndi mawu omwe Teni anali asanawamvepo, otsika, odekha, liwu lililonse palokha.

"Ndakumva. Usadzutse mutu. Finya pomwe pakutuluka magazi. Ndikubwera."

Teni anasuzumira pa kasikirini ka kamera, mtima ukuvina. Iyi ndiye vidiyo yomwe anthu adzatumizirane mpaka mafoni kutentha.

Achimwene anadzera kumanja, kuseri kwa galimoto yopsa. Mfuti ya pa nsanja inawapeza. Sikirini inafiira, kenako panalembedwa kuti ayesenso. Anadina. Mfuti inaliranso, munthu uja anagwanso, wailesi inakhosomolanso.

"Mukundimva? Ndagwa."

"Ndakumva. Ndikubwera."

Anadzera kumanzere. Anafa. Anaponya bomba la utsi n'kukwawa. Anafa atatsala mikono khumi. Anayesanso, anafa atatsala isanu ndi itatu.

"Ha! Mwaona luso, oonera?" Teni anakuwa. "Ine pamenepo ndinafika tsiku lachiwiri!"

Thwelofu inakwana. Nthabwala za Teni zinayamba kuchepa. M'chipindamo munatentha chifukwa cha nyali, ovolosi ya achimwene inada ndi thukuta kumsana. Sankayankhanso chilichonse chomwe Teni wanena. Ankangoyankha wailesi.

"Achimwene, nthawi. Nyama ya butchala ija."

"Ndakumva. Usagone. Undiuze dzina la mwana wako."

M'gemumo munalibe mwana aliyense.

Wani koloko foni ya achimwene inayamba kunjenjemera patebulo, ikuyenda yokha pang'onopang'ono. Anali kapitawo wa kuntchito. Inasiya, inayambanso, inasiya. Teni anayang'ana khoma, pomwe panali malamulo ake olembedwa ndi penti yofiira. Anadziuza kuti munthu aliyense amatopa. Iyeyo anatopa atayesa kakhumi ndi kasanu, n'kutembenuka, n'kumusiya munthuyo. Ndi momwe gemuyo inakonzedwera: umagonja wekha, ndipo kugonjako ndiye kukoma kwake. Ukamuuza munthu, wamulanda zonse. Angodikira pang'ono.

Thu koloko inakwana. Achimwene anali atapeza njira ya m'ngalande, pansi pa mlatho. Anakwawa m'madzi, anakwera chipilala, dzanja la pa sikirini linatambasuka, zala zinatsala pang'ono kukhudza nsapato ya wovulalayo. Mfuti inalira. Kufiira.

Anadina.

Foni ya Teni nayo inayamba kulira. Anali alamu. Sanayankhe. Anapita kuseri kwa mpando wachikopa, n'kugwira mahedifoni kuti awavule. Dzanja la achimwene linamugwira pamkono, osatembenuka n'komwe, ndipo Teni, yemwe ankadzitama kuti anagwetsapo amuna atatu padoko, anamva mafupa akukhudzana.

"Usakhudze wailesi."

"Achimwene, ndine. Ndine mng'ono wanu."

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Khala pansi."

Teni anagwada pambali pa mpandowo. Chiyambire ntchitoyi anali asanachitepo zomwe ankafuna kuchitazi, ndipo ngakhale apa, mawuwo anatuluka movuta ngati akubera munthu.

"Sapulumuka, achimwene. Munthuyo sapulumuka. Anapanga dala. Mudzere kulikonse, simufika. Muyenera kutembenuka n'kumusiya, ndiye gemu ipitirira."

Zala zinaima pa mabatani. M'mahedifoni mawu aja ankapitirirabe, ang'onoang'ono ngati udzudzu. Achimwene anavula mahedifoniwo okha, n'kuwaika pa bondo.

"Unkadziwa?"

"Eya."

"Kuyambira m'mawa, pomwe mlamu wako amakufunsa?"

"Eya, achimwene. Ndimati... lamulo lake ndi loti..."

Achimwene ankayang'ana sikirini.

"Uyu amaitana nthawi yochepa, kenako zimayambiranso. Wathu wa ku nkhondo kuja anagweranso pa mlatho, ndipo anaitana kuyambira m'mawa mpaka mawa lake masana. Wailesi inali kumsana kwanga. Anayamba ndi kutitukwana, kenako anapempha madzi, kenako ankangonditchula dzina. Mkulu wa gulu lathu anati ndithimitse, chifukwa anyamata ayamba kupenga. Ndinathimitsa ndine, ndi chala ichi." Anachikweza, chala chomwe chinali pa batani. "Usiku womwewo ndinakumbukira kuti pansi pa mlathowo panali ngalande. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudutsa m'ngalande imeneyo. Lero ndinagwira nsapato yake."

"Simunagwire, achimwene. Sizitheka. Inenso ya m'ngalandeyo ndinayesa."

"Unayesa iwe." Anamuyang'ana koyamba chilowere m'chipindamo, mopanda mkwiyo, ngati akuona mwana wonyamula chinthu cholemera. "Iwe si msilikali, mphwanga."

Anaimirira, anatenga foni, n'kutuluka. Chikwama cha masipanala anachisiya pansi pa tebulo. Kanyali kofiira ka kamera kanali kakuyakabe. Lamulo loyamba lokha ndi lomwe linasungidwa.

Lolemba kapitawo anaimbira Teni kufunsa ngati achimwene akudwala. Nyama ya butchala inali itatayidwa. Lachitatu anaimbanso, nati malowo sangakhale opanda munthu. Pa intaneti oonera ankafunsa kuti kodi bwana Teni agona, gemu yatsopano ija ilandira malikisi angati? Vidiyo inali m'kompyuta, maola anayi athunthu, ndipo Teni sankatha kuitsegula, sankathanso kuifufuta. Katatu anakhala pa mpando wachikopa, nyali zoyaka, kuti ajambule yekha. Katatu konse anangofika pa "Okondedwa oonera".

Lachinayi masana ananyamula chikwama cha masipanala chija n'kupita kwa achimwene. Galimoto anaiimika kutali, hutala sanaikhudze. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma makatani a kuchipinda anali otseka.

Anawapeza alamu atakhala pa makina, nsalu ili pansi pa singano, phazi lili phee pa chopondera. Pa tebulo panali mbale yovindikira.

"Alamu, ndabwera ndi zida zawo."

"Ikani pamenepo."

"Ndikudziwa dokotala wina, katswiri, ndinakumana naye ulendo wanga wa..."

"Ndinakufunsani funso limodzi, alamu." Sanakweze mawu. "Limodzi lokha. Zaka zisanu ndinkasiya mbale pakhomo paja. Mukudziwa kuti kuchokera kuchipinda kufika pageti ndi mapazi angati? Ine ndikudziwa, chifukwa lililonse linanditengera mwezi."

Teni anayang'ana pansi. Panali tizidutswa ta ulusi.

"Ndi mphwanga ameneyo?" Mawuwo anachokera kuchipinda, amphamvu, osangalala. "Alowe! Ndimamudikira."

Mayiyo anatseka maso. "Lowani mukaone."

M'chipindamo munali mdima ndi fungo la munthu wosatuluka. Achimwene anakhala pansi, atatsamira bedi, akadali mu ovolosi yabuluu ija. Ndevu zinali zitamera. Mozungulira monse munali mapepala, aja alamu amadulira mapatani a madiresi, ojambulidwa ndi pensulo: mizere, mivi, timitanda.

"Wabwera bwino. Khala apa. Taona pomwe tinkalakwitsa." Anakoka pepala limodzi n'kuliyala pa mawondo a Teni. "Utsi tinkauponya mochedwa. Uyambe kumanzere, wa pa nsanja ayang'ane uko. Iwe ukhale apa ndi mfuti yaikulu, usasiye kuwomba. Ine ndilowa m'ngalande, nditulukira pa chipilala chachitatu."

Teni anayang'anitsitsa pepalalo. Mlatho wa m'gemu uja ankaudziwa ngati chikhatho chake. Unali ndi zipilala ziwiri. Uwu unali ndi zinayi. Mtsinje wake unkakhota, tsidya linalo kunali mtengo waukulu ndi basi yogubuduzika, ndipo pakati pa mlathowo, pomwe panali kamtanda, panalembedwa dzina la munthu lomwe Teni anali asanalimvepo.

"Achimwene, mlatho uwu si..."

"Wabwera nawo makina a gemu aja?"

Teni anatembenuka. Alamu anali ataima pakhomo, manja atawapinda pachifuwa, akumuyang'ana. Munthu amene anadzitulutsa ndi pakamwa pake m'manja mwa apolisi a zinenero zitatu anangobwezera maso pa pepala lija.

"Palibe vuto, ukawatenge," anatero achimwene, akusongola pensulo ndi lumo. "Koma tiyambe m'mamawa. Akafika masana amasiya kuyankha."